A Saulosi ndi Nkhope Yomwe Idasuluka pa Nayiloni

Febe mwana wanga, lemba. Ulembe momwe ndikuyankhuliramu, usandiwongolere mawu ngati ndine mwana wa sukulu. Ukatha ukapereke kwa Ulemu ku Namitete kumene akuphunzira.

Ulemu mdzukulu wanga, pa holide yapitayi udandifunsa kuti bambo ako anali munthu wotani. Ine n'kukuyankha kuti anali wa miyendo iwiri ngati anthu ena onse. Udangonyamuka n'kukatsuka mbale zotsukatsuka kale. Ndidakuona. Tsono tchera khutu, poti mano adatha kale m'kamwa muno, lilime nalo silichedwa.

Bambo ako anali a Saulosi. Kwawo ankati ndi ku Phalombe, koma Phalombeyo ankangomumva ngati momwe ine ndimamvera za ku Joni. Adabadwira pa esiteti ya fodya cha ku Nambuma uko. Makolo awo anali matenanti, chaka chino pano, chaka chamawa pena, katundu yense m'thumba limodzi. Pa esitetipo ntchito ya a Saulosi inali yolemba manambala pa mabelo a fodya. Ankaboola chitini motsata manambalawo, kuchiika pa chiguduli, n'kupaka penti pamwamba. Dzanja lidazolowera pamenepo. Makolo atatha onse awiri, adabwera pa Nsaru n'kumalemba mayina a magolosale ndi timawu tija ta kumbuyo kwa ngolo. Kenako adasowa zaka ziwiri, akuti anali ku Mchesi m'tauni kwa munthu wina wodinda malaya. Pobwerako adabwera ndi matabwa anayi okhomedwa, pakati atakunga kansalu kopyapyala. Ine nditaona ndidati, kodi bamboyu wayamba kusefa ufa?

Mayi ako Eliness ankagulitsa zitumbuwa pafupi ndi benchi yawo pamsika. Zitumbuwa zinkapita zambiri, phindu losaoneka, ine n'kumadabwa. Osadziwa kuti pali wina akudya za ulere. Mapeto ake ndi ukwati, a Saulosi n'kubwera kudzakhala chikamwini m'mudzi mwathu muno, njira yopita kwa Kabudula. Analibe m'bale aliyense kuno, unkhoswe wawo adagwira ndi a Gerald, mnzawo wokonza njinga.

Ndisaname, sindidawafune. Ine ndinkafuna mkamwini wa ng'ombe ndi ngolo. Awa ukawapatsa khasu, mizere yake inkachita kukhota ngati njoka yomenyedwa pamsana. Koma apatse burashi, mzere wake ngati wakoka ndi chingwe. Nanga munthu amadya mzere wa penti?

Ukudziwa mwambo wathu, mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana m'maso. Tikakumana panjira, wina ankapatukira kutchire. Zaka zisanu ine ndi bambo ako sitidayankhulane kupitirira moni, moni wakenso wopenya kumbali. Koma usaganize kuti pakamwa panga padali potseka. Ine ndinkauza nkhuku. Ndikaona ali pakhonde pawo, ndinkawaza gaga n'kumati, "Idyani nkhuku zanga, inu mumadziwako kupalasa. Ena kuno amapalasa malaya." Iwo mutu pansi, kumangogwira ntchito yawo. Mayi ako ndiye ankabwera kudzandikalipira, "Amayi, nkhuku zanu zatopa ndi ulaliki."

Ntchitoyo ndinkaionera patali, koma ndidaidziwa yonse. Ankapaka sefa ija phala lobiriwira n'kuibisa m'diramu kuti iume kosawala. Chithunzi chimene munthu wabweretsa ankakachita fotokope pa Nsaru, pepalalo n'kulipaka mafuta ophikira mpaka lizionekera. Akatero ankaligoneka pa sefa, galasi pamwamba, n'kutulutsa padzuwa, akuwerenga chamumtima. Akathira madzi, nkhope ya munthu inkatulukira pa sefa ngati matsenga. Ndiye kuika sikipa pa thabwa, sefa pamwamba, inki kumutu, n'kukoka ndi kathabwa ka labala kamodzi, fwaa! Ponyamula, munthu uja ali pa malaya akukuyang'ana. Chomaliza chinali nsimbi ya makala. Ankaika pepala pamwamba n'kusita nthawi yaitali. Ankati inki ndi ngati m'phika wadothi, ukapanda kuotcha umasungunuka ndi madzi.

Makwaya, masukulu a mkaka, matimu a mpira, onse ankabwera kwa iwo. Koma ntchito yaikulu inali ya ziliza. Anthu akakolola n'kumanga manda a abale awo, aliyense ankafuna masikipa a nkhope ya malemuyo. Akufa a Nsaru yense adadutsa pa sefa ya bambo ako.

Iwe uli ndi zaka ziwiri, mayi ako adadwala mutu. Lachitatu adadandaula, Lachisanu tidamukweza ngolo kupita kuchipatala, Lamulungu tidabwera naye atakutidwa. Basi. Sindinena zambiri pamenepo. Febe, usalire, ungadonthezere pepalalo.

Tsono apa ndi pamene pali nkhani. Kuno mkazi akamwalira, mkamwini amasudzulidwa, kumasulidwa kuti azipita kwawo, ana n'kutsala kuchikazi. Timati mkamwini ndi tonde wobwereka. Koma abale akamukonda munthu, amatha kumuuza kuti khalani, lerani ana anu. A Saulosi adatuma a Gerald kwa mlongo wanga a Dickson, mwini mbumba yathu, kukapempha kuti asachotsedwe. Adati kwawo sakudziwako, kwawo ndi pamene pali mwana wawo. A Dickson adati, "Tamva. Akhale kaye mpaka timange chiliza. Tikamanga tidzanena."

Chaka chonsecho munthu uja ankayenda ngati waponda mazira. Ankakusambitsa yekha, kukuberekera kumbuyo ndi chitenje cha mayi ako, amuna anzake akumuseka pamsika. Adalima munda wanga wonse, mizere yokhota yomweyo. Ine n'kumauzabe nkhuku.

Chaka chimene mayi ako adamwaliracho ndidapita ku chiliza kumudzi wa kutsidya kwa dambo, kwa anthu amene mwana wawo ali ku Joni. Malaya amene adavala kumeneko! Oterera, onyezimira kuti waliwali, nkhope ya malemu ngati ikupuma. Adachokera ku Joni komweko, odindidwa ndi makina. Ine mtima udandipweteka. Ndidati Eliness wanga sadzakhala pa sikipa ya thonje yotuwa ngati thumba la ufa. Nditakolola ndidagulitsa mtedza, tsiku la msika n'kupita pa kaunjika pa Nsaru. Ndidapeza bambo wina ali ndi mulu wa malaya oyera a nayiloni, opepuka ngati pepala. Adatenga kapu ya madzi n'kuthira pa limodzi, madzi n'kungoyenderera pansi, nsalu ili gwa, youma.

"Mwaona amayi? Ngakhale madzi sagwira apa. Thope, msuzi, chilichonse chimangotsetsereka."

Ine kukondwa, n'kutenga mulu wonse. Mutu waukulu chabe uwu. Sindidaganize kuti inki nayo ndi madzi.

Ndidakatula mtolowo pakhonde pa a Saulosi pamodzi ndi chithunzi cha mayi ako. Chithunzicho chidali chimodzi chokha padziko lonse lapansi. Adamujambula wojambula wina woyendayenda tsiku la msika, atavala duku lofiira, akuseka chammbali. Ndidabwerera pabwalo panga n'kuuza nkhuku mokweza, "Kauzeni wodinda uja kuti nkhope ya mwana wanga ikhale pa malaya amenewo."

M'mawa mwake uthenga udayamba kuyenda. A Saulosi adauza a Gerald, a Gerald adauza a Dickson, a Dickson adauza ine. Mawu oyamba ndidadzawamva patapita zaka. Iwo adati, "Inki siigwira pa nsalu iyi. Ikakumana ndi madzi nkhope yonse ichoka, tidzachita manyazi kumanda." A Gerald, poopa kuti mawuwo ndi olimba kwa apongozi, adauza a Dickson kuti ntchitoyi ikhala yovutirapo. A Dickson pofika kwa ine, fodya ali pakamwa, adati, "Mlongo, akamwini akuti ayesetsa, koma akuti thonje likadakhala bwino."

Ndidati, "Thonje? Wa masikipa akufuna atigulitse masikipa ake pa maliro a mkazi wake yemwe? Akadinde."

Patapita masiku atatu ndili m'khitchini kukazinga chimanga, ndidamva munthu akukhosomola kuseri kwa khoma. Anali iwo, atagwada panja, akuyankhula ndi khoma. Aka kanali koyamba kundiyankhula nkhani.

"Amayi, pepani ndabwera ndekha."

"Khoma likumva," ndidatero.

"Amayi, inki kuti ilowe m'nsalu imafuna moto. Nsalu iyi moto siifuna. Komanso ili ndi mankhwala ake okana madzi, ndiye inki imangokhala pamwamba ngati mame pa tsamba la nthochi."

Adakankha limodzi la malaya aja ndi kamtengo mpaka lidafika pakhomo pomwe ndikadaliona. Pachifuwa padali chibowo chofanana ndi nsimbi, m'mbali mwake mutakwinyika, mwakuda.

"Mwaotcha dala," ndidatero.

"Ayi amayi. Ndinaika mapepala atatu pamwamba. Masikipa a thonje ndili nawo, ndipereka ine, palibe amene alipire."

"Kuti anthu adzati Nambewe adalephera kuveka mwana wake, adachita kumuveka mtenanti? Akutsidya adatha bwanji?"

"Aja ndi a makina, amayi, nsalu yakenso ndi ina."

Apa ndi pamene ndidatulutsa mawu amene adawatseka pakamwa. Lemba Febe, usadumphe. Ndidati, "Munthu wolephera kuika nkhope ya mkazi wake pa malaya, mwana angamulere? A Dickson amva zimenezi."

 Kenako ndidamva, "Chabwino amayi. Ndiyesa." Kamtengo kaja kadabwera n'kukoka malaya obooka aja.

Adayesadi, Ulemu. Adawachapa onse ndi madzi otentha ndi sopo kuti mankhwala okana madzi aja achoke. Wina adawauza kuti ukapukuta ndi sipiriti zimathandiza, sipiriti osapezeka, iwo n'kukagula kachasu kwa mayi wina wotcheza. Munthu wa kwaya, amene ngakhale thobwa logona ankalikana. Anthu adawaona atanyamula botolo, ndipo amene adafalitsa kuti mkamwini wayamba kumwa ndi ine ndemwe, pa mjigo. Ankati m'tauni muli kabotolo kakang'ono ka mankhwala, ukadonthezera mu inki imagwira pa nayiloni popanda nsimbi. Adapalasa njinga kawiri kupita ku Lilongwe, kunyamuka m'mawa kubwera madzulo, milomo itachita kuwuma. Ulendo woyamba adawauza kuti katha. Wachiwiri adati kabwera mwezi wamawa. Pomwe chiliza chauma kale, chimera chaviikidwa, abale a ku Mpingu ndi ku Chiwamba auzidwa tsiku.

Adadinda choncho. Adayanika pa mpanda masiku atatu, dzuwa la Okutobala, kuti mwina dzuwa ligwira ntchito ya nsimbi. Ndidapita kukasuzumira iwo kulibe. Mayo ine! Eliness mpanda wonse, kuseka chammbali, duku lake, kuchita kunyezimira. Ine kuwerenga sindidziwa, koma nkhope ndimaiwerenga. Ndidakhala pansi pompo. Kenako ndidadzuka, kusasa fumbi, n'kukauza nkhuku kuti, "Mwaona? Ulesi chabe. Si izi zatheka?"

Sefa yaikulu anali nayo imodzi. Atatha nkhope adaitsuka ndi mankhwala kuti aikepo dzina ndi zaka za kumsana kwa malaya. Ndiye kuti nkhope pa sefa idachoka.

Tsiku la chiliza kudacha kotentha ngati m'ng'anjo. Tidavala tonse, kuyambira a Dickson mpaka ana a akazi anzanga. Ine patsogolo, chithunzi chija m'manja, mutu m'mwamba, kuti akutsidya aone. Tisanafike n'kumanda komwe, thukuta lidayamba ntchito. Nayiloni sapuma. Ndidaona pa chifuwa cha mayi wina wonenepa wa ku Mpingu tsaya la Eliness layamba kuchita mizere, ndidangoyang'ana kumbali. Titafika ndidaika chithunzi pamwamba pa chiliza, kuchitsamiritsa ndi kamwala.

Mkulu wa mpingo adati tipemphere. Bambo amene uja akayamba pemphero amayambira kwa Adamu. Ali cha kwa Mose, mphepo idawomba. Ali kwa aneneri, kudagunda. Chizimalupsa, mvula yoyamba ija yobwera osaitanidwa. Idagwa ya madontho akuluakulu, ndipo nanga munthu ungathawe pemphero lili mkati, kumanda? Tidaima chomwecho, maso otseka, mvula ikutimenya. Pomwe ankati amen, ndidatsegula maso.

Aliyense pachifuwa padali pakuda. Inki ikuyenderera m'mimba, kutsikira pa zitenje, kudontha m'zigongono. Ena diso limodzi latsala, ena pakamwa patafika pa mchombo. Mwana wina adakhudza ndi chala n'kuchotsa mphuno yonse, anzake n'kuphulika kuseka. Ndidamva mayi wa kutsidya akunong'oneza mnzake, "Zotchipa zimatero, eti?"

Ndidathamangira pa chiliza. Chithunzi chija nacho chidali cha inki ya masiku ano, osati zakale zija zolimba. Duku lofiira lidasungunukira kumaso konse. Ndidachinyamula n'kupukuta ndi chitenje, kupukutako n'kumalizitsa. M'manja mwanga mudatsala pepala lonyowa la mtundu wa dothi.

Ndidatembenuka. A Saulosi adali kumbuyo kwa anthu onse, atakunyamula iwe, atakufunditsa jekete lawo. Ndidadutsa pakati pa anthu, mwambo wonse ndidauponda, n'kukaima pamaso pawo. Ndidawayang'ana m'maso, koyamba chikwatirire mwana wanga.

"Mwamupha kawiri mwana wanga," ndidatero. "Koyamba munalephera kumusunga, lero mwamufufuta. Mtenanti wopanda kwawo, wakumwa kachasu iwe!"

Adakutsitsa, n'kugwada m'matope momwemo. Sadati ndinanena. Sadati nsalu munagula ndinu. Adangoti, "Pepani amayi." Anthu onse adamva mawu angawo, ndipo palibe amene ankadziwa za kuseri kwa khoma kuja.

Patapita masiku awiri a Dickson adandipeza ndikusola mtedza.

"Mlongo, tinalonjeza kuti tikamanga tidzanena. Munthuyu akhale kapena apite?"

"Apite."

"Nambewe, nsalu zija udagula ndiwe."

"Ndagula ine, adinda ndani? Apite. Mwana atsale."

A Dickson adalavula fodya. "Pakamwa pako padzakuika wekha m'manda," adatero. Koma mwana anali wa mwana wanga, mawu anga ndi amene adalemera. Ndikadanena kuti akhale, ndiye kuti ndavomera pamaso pa mudzi kuti wolakwa ndine. Ndidasankha kuti iwe ukule wopanda bambo kusiyana n'kuti ine ndiweramitse mutu. Lemba chomwecho Febe. Ukundiyang'ana chiyani?

Adawasudzula Loweruka. Lolemba m'mawa adamanga sefa ndi zitini za inki pa keliyala ya njinga, kachikwama ka zovala pa handulo. Nyumba, mbuzi ziwiri, mipando, zonse adasiya, adati ndi za mwana. Iwe udawathamangira mpaka pa mtengo wa mango wa kumapeto kwa mudzi, ukulira kuti ukwere nawo monga mwa masiku onse. Adatsika, kukunyamula, kubwera nawe kudzakupereka m'manja mwa Febe yemweyu. Udathamangiranso. Adakubwezanso. Kachitatu Febe adakutsekera m'nyumba. Ine ndinali m'khitchini, ndinkaona zonse pa kabowo ka khoma.

Nditatuluka ndidapeza pa mpanda, moyang'anana ndi khomo langa, apachika malaya awo akale ogwirira ntchito. A thonje, ong'ambika m'khwapa, madontho a penti thupi lonse. Ndidati andisiyira sanza kuti andinyoze. Ndidawatola ndi ndodo kuti ndikaponye kudzala. Powatembenuza, kumsana kwake kudali Eliness. Wathunthu, wakuda bwino, akuseka chammbali.

A Gerald ndi amene adandimasulira. Adati wodinda aliyense asanayambe ntchito amayesa kaye pa sanza kuti aone ngati sefa yatseguka bwino. A Saulosi adayesa pa malaya awo omwe, n'kusita ndi nsimbi monga mwa chizolowezi. Pepala la mafuta lija makoswe adali atadya kale. Ndiye kuti padziko pano nkhope ya Eliness idatsala imodzi yomweyo.

Ndidati, "Nanga osapita nayo bwanji? Si mkazi wake?"

A Gerald adati, "Ndinawafunsa zomwezo, mayi. Akuti iwo nkhopeyo ali nayo m'mutu. Mwana ndiye alibe."

Malaya amenewo ndi aja ndinkakuonetsa pa Khirisimasi, n'kumakuuza kuti ndidachita kukadinditsa ine m'tauni. Lidali bodza.

Bambo ako adakakhala ku Mponela. Chaka chimene udayamba Sitandade 1, a Gerald adabwera ndi kachikwama ka sukulu ka nayiloni, kobiriwira, pamwamba atadindapo dzina lako ndi inki yoyera. Ukukakumbuka. Ndidakuuza kuti agula ndi a Dickson. Tsiku lomwelo ndidapita nako pa mjigo, ndi sopo ndi mwala wotsukira mapazi. Ndidati tione. Ndidakwecha, kukwecha, mpaka zala kutuluka magazi. Nsalu idayamba kutha, dzina lili pompo. Ndidayesa ndi chikhadabo, osatheka. A Gerald adati kabotolo kaja adadzakapeza, adakhala miyezi akuwononga zigamba mpaka adadziwa muyeso wake, ndi kuti ukasakaniza uyenera kudinda tsiku lomwelo inki isanaume m'chitini. Akuti matimu a mpira a ku Dowa konse ankabwera kwa iwo chifukwa manambala awo sankachoka pa jezi. Sadatume mawu aliwonse. Kachikwamako basi.

Adabwera kamodzi kudzakuona, uli Sitandade 2. Wosudzulidwa salowa m'mudzi ngati kwawo, ndiye adaima pa mango paja n'kutuma mayi wina wochokera kudimba kudzanena. Iwe unali m'nyumba, utagona ndi malungo. Ndidatuluka ndi gaga m'manja, kuitana nkhuku, n'kukweza mawu kuti afike pa mango. "Mwana kulibe, adapita ku Chiwamba kwa abale athu. Alendo azibwerera kusanade." Adaimabe mpaka mthunzi wa mtengo udasuntha. Kenako adasiya jumbo ya malalanje patsinde n'kukwera njinga. Malalanje amenewo udadya, ndidakusendera ndine.

Ndinkati ndidzawaitana chaka chamawa, mkwiyo wa anthu ukaiwalika. Chaka chamawacho chidabwera kanayi. Uli Sitandade 6 a Gerald adabwera atavula chipewa akali kutali. Chifuwa. Akuti bambo ako adadwala miyezi itatu, akudindabe atakhala pansi. Adawaika a mpingo wawo konko ku Mponela. Uthenga udatipeza atawaika kale, poti sankadziwa kuti angauze ndani. Sadakwatirenso.

Ndidafunsa a Gerald ngati pali chithunzi chawo. Adafufuza kwa eni nyumba, kwa a kwaya, kulibe. Munthu adadinda nkhope za akufa a Nsaru, a kwa Kabudula, a Mponela, koma yake palibe adaisunga. Pamanda pawo palibe chiliza, akuti pali kachitsulo ka dzina kolembedwa ndi munthu wosadziwa kugwira burashi.

Ndiye wafunsa kuti anali wotani. Ine ndidawayang'ana kumaso kamodzi kokha, tsiku la mvula lija, ndiye ndikuuza zimene ndidaona. Anali akuda, a mphumi yotakata. Khutu lakumanzere linali lopindika pang'ono pamwamba, ngati lako. Pa nsidze padali kachipsera. Maso aang'ono, ofiira chifukwa cha inki kapena kulira, sindidziwa. Pamene ndinkawatukwana sankayang'ana ine, ankayang'ana iwe, kuti jekete lisagwe pamutu pako. Ndi zokhazo zimene ndili nazo.

Mtedza wa chaka chino sindigulitsa pa zina. Ukatsekera sukulu, iwe ndi Febe ndi a Gerald mukwere minibasi mupite ku Mponela, mukapeze pamene agona, tiyambe za simenti. Ine miyendo ikalola ndipita nawo, ikakana mudzandikweza pa kabaza. Ndili ndi mawu oti ndikanene pamenepo, ndipo sindikauza nkhuku.

Malaya aja ali pansi pa sutikesi yanga, m'jumbo ya shuga, pamodzi ndi kachikwama kako kobiriwira. Ukabwera udzatenge, ndi zako zonse. Ukafuna kuwachapa chapa, usaope. Ine ndawachapa zaka khumi ndi zitatu, m'khwapa mwatha, kolala idathothoka, koma mayi ako sadasuluke.